Belu la Hafu Seveni ndi Mphepo ya Mwera

Depoti ya Kampani ya Tiwedzenawo,
Kumpoto kwa Malindi,
Mangochi.
11 Julayi, 1988.

Kwa Bwana Mkulu wa Mapulani ndi Masomphenya,
Likulu la Kampani ya Tiwedzenawo,
Limbe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa pokulemberani kalata yotseguka, ine munthu wamng'ono amene nkhope yanga simungaikumbukire. Ndine Ellard Chadzunda, manijala wa depoti yanu ya nsomba kuno kunyanja, uja munamusisita paphewa mu Febuluwale n'kumutchula kuti Gilford. Sindinakukonzeni tsikulo ndipo sindikudandaula, poti phewa linali langa ndithu. Makalata omata ndakulemberani atatu, ndipo ndamva kuti onse anafika bwino m'kabati ya kalaliki wanu, mmene akupumula mpaka lero. Choncho ino ndaitumiza kwa inu, kope lina kwa mkonzi wa kanyuzipepala ka Kampani, ndipo lachitatu ndalikhoma pabolodi la depoti ndi misomali inayi kuopera mphepo. Mayi Jestina, taipisiti wathu, andifunsa kawiri ngati ndikufunadi kuti ataipe zimenezi. Kawiri konse ndavomera, kungoti kachiwiriko mawu anatuluka motsika.

Nkhani yake ndi iyi. Patebulo panga pali kalata yochokera ku ofesi yanu, yochotsa ntchito Che Dinala, kapitawo wa maboti athu, pa mlandu wa kusamvera. Ikudikira kuti ndisaine pofika Lachisanu lino, ndipo m'munsi mwake mwalemba kuti kope lake lipite kwa akuluakulu a Chipani a dera lino. Ndisanagwire cholembera, ndaona kuti kukhala kusowa mwambo ndikapanda kuthokoza pa zabwino zonse zimene mwandichitira mpaka kundifikitsa pamenepa. Ndaziika m'manambala, monga munatiphunzitsira.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha semina ya masiku anayi imene munatichititsa ife mamanijala khumi ndi anayi ku hotela ya pamsewu wa ku Monkey Bay. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba kuti manijala si munthu woyang'ana madengu a nsomba ayi, koma woona zinthu zimene sizinakhalepo. Munatiuza kuti titsinzine kwa mphindi zisanu kuti tione Kampani yathu m'chaka cha 2000. Ine ndinatsinzina ndi mtima wonse. Sindikubisirani, Bwana, mphindi ziwiri zoyamba ndinangoona nkhuku imene inkanunkhira kuchokera kukhitchini. Koma itakwana yachitatu, masomphenya anandifikira: ndinaona maboti oyera atandanda pamzere, akunyamuka onse nthawi imodzi ngati ana a sukulu akuchoka pa asembule. Mnzathu wa depoti ina anatsinzina mpaka kuliza mkonono, ndipo inu mwa kukoma mtima kwanu munati ameneyo wafika patali kuposa tonsefe.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha funso limene munalemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu, lakuti KODI NDIFE YANI? Ife mu umbuli wathu tinayankha kuti ndife ogulitsa nsomba. Ndikukumbukira mmene nkhope yanu inagwera, ndipo mpaka lero ndimadzimvera chisoni kuti dzanja loyamba kukwera linali langa. Munatilangiza mofatsa kuti wogulitsa nsomba ndi mayi wa pamsika, koma ife ndife fakitale yamakono imene yangochita tsoka lokhala ndi pansi ponyowa. Kenaka munati aliyense adzifunse yekha kuti iye ndi yani, chifukwa pulani imabadwa mwa munthu amene wadzidziwa.

Funso limeneli linandisautsa. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, mwana wa mlimi wa mbatata. Kuno ndinabwera pa transifa, ndipo madzi aakulu amene ndinali nditawolokapo anali a Shire, pamlatho, ndili m'basi. Zaka zitatu zonse ndili padepoti pano ndinali ndisanapondemo m'boti, ndipo akandiitana ndinkanamizira nsapato. Koma inu mutanena kuti manijala ndi kaputeni wa sitima, mtima wanga unati ndi zimenezotu. Ndinabwerera kuno ndili kaputeni. Ndinapita kwa telala wa pamsika wa Mangochi kukasoketsa chipewa choyera cha mlomo wakuda, ndipo nditafika nacho kunyumba, mkazi wanga Benedicta anandifunsa ngati andisinthira kubekale.

3. Ndikuthokoza chifukwa chovomereza pulani yanga. Kuti muone kukula kwa ntchito imene ndinagwira, mundilole ndifotokoze chisokonezo chimene chinalipo kale.

Che Dinala ndi bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wobadwira pagombe pompano, amene anayamba kukoka khoka Kampani yathu isanalotedwe n'komwe. M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti ankatsikira padoko, n'kuima chete manja ali kumbuyo. Ankayang'ana mapiri a tsidya, mitambo ya kumwera ndi kaulukidwe ka mbalame, kenaka n'kunena kuti "Tiyeni" kapena "Lero ayi." Basi. Maboti asanu ndi awiri ndi amuna makumi anayi ankayendera mawu amenewo. Tsiku lina ankanyamuka kusanayere bwino, tsiku lina dzuwa litakwera, tsiku lina osanyamuka n'komwe, anthu n'kumasoka maukonde pansi pa mtengo. Lachisanu ankabwerako msanga kuti apeze mapemphero. Zonsezi popanda pepala, popanda wotchi, popanda chidindo. Kwa zaka zitatu sizinandivute, poti nsomba zinkabwera ndipo palibe amene anamira. Nditachoka kusemina m'pamene ndinazindikira kuti takhala tikugwira nsomba mwachikale, ndipo ndinachita nazo manyazi.

Ndinadzitsekera mu ofesi sabata ziwiri n'kutulukamo ndi masamba makumi atatu ndi limodzi. Fakitale sifunsa mitambo. Maboti onse azinyamuka 7:30 m'mawa belu likalira, azibwerako 4:30 madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, miyezi yonse mofanana. Patsamba lomaliza ndinajambula mzere wa nsomba zimene tidzagwire pa zaka zisanu, wokwera chokweza osapindika paliponse, chifukwa ndinagwiritsa ntchito rula. Mayi Jestina atamaliza kutaipa anandiuza mwaulemu kuti mawu akuti mphepo sanawapeze patsamba lililonse, n'kufunsa ngati pali tsamba limene lagwa. Ndinawauza kuti ntchito yawo ndi kutaipa. Inu, Bwana, munaiwerenga yonse, kapena munaiona, n'kulemba pamwamba ndi inki yofiira kuti uyu ndiye manijala. Munasaina dzina lanu lonse ndi kuitumiza kumadepoti onse kuti atengerepo chitsanzo.

Belu tinapachika mu Malichi. Ndi chitsulo cha tayala la lole, chili pamtengo wa mango, ndipo ndimaliza ndekha. Miyezi itatu yoyamba nyanja inali yofatsa ndipo pulani inayenda mokoma. N'zoona kuti chambo chinachepa, poti pofika hafu seveni dzuwa limakhala litakwera ndipo nsomba zatsikira pansi, koma kusunga nthawi kunakwera modabwitsa, ndipo n'kumene ndinkakulemberani m'malipoti. Che Dinala anamvera osawiringula. Kamodzi kokha anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Bwana manijala, belu lanuli n'labwino, koma nsomba sizikulimva." Ndinaseka mokweza kuti anthu aone kuti kaputeni amadziwa nthabwala.

4. Ndikuthokoza kuti simunabwere pa 14 Juni.

Munali mutalonjeza kudzatsegulira pulaniyi mwamwambo tsiku limenelo. Tinapaka miyala laimu kuyambira kumsewu mpaka kudoko, amayi a m'mudzi anakonzekera nyimbo sabata yathunthu, ine ndinachapitsa chipewa. Telegalamu yanu yopepesa inafika patapita masiku atatu, koma munatikumbukira potitumizira wojambula zithunzi wa kanyuzipepala.

M'mawa umenewo nyanja inali phee ngati madzi a m'beseni. Ndinaliza belu hafu seveni yeniyeni. Palibe anasuntha. Ndinalizanso, amuna makumi anayi ali chiimire, maso ali kwa Che Dinala. Iwo anabwera pafupi nane kuti ena asamve, n'kunena kuti, "Bwana manijala, lero tisapite. Mwera ukubwera, teni koloko siikwana. Anthuwa ali ndi ana." Ndinawalozera ndondomeko imene inali pabolodi. Iwo anaiyang'ana mwaulemu n'kuyankha kuti pepalalo n'labwino ndithu, tidzalitsata mawa, Inshallah.

Tsono Bwana, taganizani. Amayi anali atayamba kale kuwomba m'manja, wojambula atakweza kamera, ine nditavala tayi ndi chipewa. Munthu wamba akanamvera. Koma ine ndinali nditadzifunsa kale kuti ndine yani, ndipo yankho linali pamutu panga. Ndinavala zilimbe n'kulamula a Simioni, makaniko wathu, kuti alize injini ya boti lachitatu. A Simioni kwawo ndi ku Zomba, ali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo amaopa kalata ya ku Limbe kuposa madzi. Tinanyamuka awiriwiri, ine nditaima kutsogolo kwa boti dzanja lili m'chiuno.

Kwa mphindi makumi anayi ndinali munthu amene munandilonjeza kuti ndingakhale. Ndinayamba ngakhale kuganizira mawu amene ndidzanene polandira mendulo. Kenaka mapiri a tsidya anangozimirira. Mphepo yozizira inandimenya khutu, madzi anada, ndipo funde loyamba linandikhazika pansi popanda kundipempha. Funde lachitatu linalowa mu injini, injiniyo inakhosomola kawiri n'kuzima.

Popeza munatiphunzitsa kuti manijala azisunga mbiri ya ntchito yake, nazi zimene kaputeni wanu anachita. Ndinagona chafufumimba pansi pa boti, pamamba a nsomba, nditakumbatira thabwa lokhalira. Ndinasanza tiyi yense wa m'mawa. Ndinaitana mayi anga, amene anamwalira mu 1971. Ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene ngakhale abusa a kwathu sangazikwanitse. A Simioni ankakapa madzi ndi chipewa changa, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti telala uja anasoka molimba.

Che Dinala anatipeza ndi boti loyamba ali ndi amuna asanu. Ndinamva pambuyo pake kuti ananyamuka titangochoka, n'kumatitsata chapatali, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Kumeneku kunali kusamvera kwawo kwachiwiri tsiku limodzi. Anaponya chingwe, chinaphonya, anaponyanso, kenaka bambo wachikulire uja analumphira yekha m'boti mwathu mafunde ali msinkhu wa munthu. Ine anandidzutsa pondikoka tayi. Pamtunda tinafika cha m'ma leveni koloko, ndipo anandinyamula anthu awiri. Amayi sanaimbe. Che Dinala sanandikumbutse ngakhale kamodzi zimene anandiuza m'mawa. Anangotuma uthenga kunyumba kwawo, ndipo mkazi wawo, Abiti Mustapha, anabwera ndi tiyi wotentha ndi mkanjo wouma wa amuna awo. Ndinalowa m'nyumba mwanga nditavala mkanjowo, Benedicta n'kundifunsa ngati ulendo uno ndasintha mpingo.

5. Apa kuthokoza kukundivuta pang'ono, koma ndiyesetsa.

M'mawa mwake ndinayenera kukulemberani lipoti. Sindikanalemba kuti pulani yalephera, poti pamwamba pake pali dzina lanu. Sindikanalembanso kuti kaputeni analira. Ndinakhala ndi pepala kuyambira eyiti koloko mpaka masana, kenaka luso la kusemina linandithandiza: ndinaona zinthu zimene kunalibe. Ndinalemba kuti mwambo unasokonekera chifukwa kapitawo wa maboti ndi munthu wopanda masomphenya, amene anakana lamulo la manijala pamaso pa anthu ndi kukopa anzake kuti akanenso. Ndinagwiritsa ntchito mawu akuti kusamvera, kawiri, ndipo kachiwiriko ndinadula mzere kunsi kwake.

Musandichitire chifundo poganiza kuti sindinkadziwa. Mwana aliyense amene wapondako kusukulu m'dziko muno amaloweza ngodya zinayi za Chipani, ndipo amadziwa kuti kumvera ndi imodzi mwa izo. Ndinkadziwa kulemera kwa mawu amenewo akafika papepala lokhala ndi kaboni kumbuyo. Ndinawalemba chifukwa ankamveka bwino, ndiponso chifukwa ndinkakhulupirira kuti lipotilo likagona m'kabati monga amachitira ena onse. Koma mwa malipoti onse amene ndakutumizirani pa zaka zitatu, limeneli ndi limene munawerenga.

Yankho lanu linabwera mu envelopu imodzi ya khaki, muli zinthu zitatu. Choyamba, kanyuzipepala ka Kampani, patsamba loyamba pali chithunzi changa nditaima kutsogolo kwa boti dzanja lili m'chiuno. Wojambula uja ndi katswiri, anadziwa nthawi yosiyira. Chachiwiri, kalata ija yochotsa ntchito Che Dinala. Chachitatu, kalata yondikweza kuti ndikakhale wachiwiri wanu ku Limbe, ndi nyumba ya siling'i, ntchito yoyamba pa 1 Ogasiti, ndikamaliza kukonza zinthu kuno.

Ndinene zoona, Bwana, ntchito imeneyo ndikuifuna. Kalata yondikwezayo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Ndatopa ndi kutentha, ndatopa ndi fungo la nsomba m'malaya, ndikufuna ana anga akaphunzire kutauni. Benedicta anali atayamba kale kufunsa kukula kwa mawindo a nyumba za Kampani. Koma atamva kwa Mayi Jestina za kalata inayo, anasiya. Masiku ano amandilankhula pokhapokha mchere ukatha, ndipo amandiyang'ana mmene ndinkayang'anira nsomba za dzana.

Makalata anga atatu aja anali opempha kuti lipotilo libwezedwe. Nditalephera kupirira ndinakwera njinga mpaka ku positi ofesi kukaimba foni, ndipo kalaliki wanu anandiuza kuti Kampani ya masomphenya siyang'ana m'mbuyo. Ndinamuthokoza.

Che Dinala akudziwa zonse, monga likudziwira doko lonse. Amabwerabe m'mawa uliwonse, amandipatsa moni, amandifunsa za ana, amandiuza za mphepo ya tsikulo ngakhale sindinawafunse. Ndikanakonda akanandilalatira, mwina ndikanapeza popumira. Lachinayi lapitali analowa mu ofesi, anakhala pabenchi chipewa chawo cha kumzikiti chili pamutu, ndipo anandipempha chinthu chimodzi chokha. Anati, "Bwana manijala, ngati kuli kobwera galimoto yodzanditenga, mundiuze tsiku lake. Ndipita ndekha ku boma ndi bulangeti langa. Asadzanditengere pamaso pa adzukulu." Anandigwira chanza n'kutuluka. Ine ndinatsala ndikusanja mapepala amene anali osanjika kale, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire, oposa a m'boti aja.

Tsono Bwana, ine sindingayerekeze kunena kuti pulani ndi yolakwika, popeza munaisaina ndinu, amene mumaona patali kuposa ife tonse. Ndiponso sindikukana kusaina kalata ya Che Dinala, chifukwa ndaona kumene kusamvera kumafikitsa munthu. Ndili ndi kapempho kamodzi kakang'ono, ndipo ndikukapereka nditagwada.

Anthu kuno sanaphunzire ngati ife, ndipo amakhulupirira zokhazo zimene aona. Akunong'onezana kuti pulani yathu inalembedwa ndi munthu wosadziwa nyanja n'kuvomerezedwa ndi wina amene amangoionera pakhonde la hotela. Mabodza amenewa akundipweteka chifukwa cha dzina lanu. Choncho ndikupempha kuti mundionjezere masiku atatu okha, kuchoka Lachisanu kufika Lolemba pa 18 Julayi, ndipo tsiku limenelo mubwere nokha mudzawatseke pakamwa. Tidzakwera boti lachitatu, inu ndi ine, hafu seveni belu likalira, ndipo tidzakhala panyanja mpaka 4:30 monga lanenera tsamba lachisanu ndi chinayi. Woyendetsa ndidzakhala ine, chifukwa a Simioni apempha tchuthi cha tsiku limenelo ndi cha tsiku lina lililonse limene ine ndingafune kukwera boti. Che Dinala akuti sabata ya mawa mwera uwomba kuposa wa mu Juni, koma amenewo ndi mawu a munthu amene inu ndi ine tagwirizana kale kuti alibe masomphenya.

Kalata yawo ndidzaisaina padoko pomwepo, inu mutakhala kale m'boti, ndipo ndidzawapatsa m'manja tisanalize injini. Potero padzakhala palibe wina pamtunda wokhala ndi udindo wotitsatira, ndipo pulani idzayenda tsiku lonse popanda woisokoneza.

Ngati ntchito zakuchulukirani pa 18, musadandaule, Bwana, ndimvetsa. Ku Limbe sindisamukira, ndipo kalata ya Che Dinala idikira patebulo panga yosasainidwa kufikira m'mawa umene mudzapeze mpata. Mwera umatha mu Ogasiti, koma ndikudziwa kuti inu simungafune kuti anthu anene kuti munaudikira.

Ndine wantchito wanu womvera kotheratu, amene sadziwa kusambira koma akukhulupirira kuti inu mumatha,

Ellard Chadzunda,
Manijala wa Depoti.